Alamu Avelino ndi Njinga Yopanda Kaliyala

Bodza lidali langa, ndikuvomera. Koma mumve kaye mmene lidayambira musanayambe kundiloza zala, chifukwa ndikadapanda kunama, bwenzi alamu anga atakhalitsidwa pansi pamaso pa ankhoswe, kuyankha mlandu wa mkazi woti sadabadwe n'komwe.

Ine ndine Felicidade, ndimagulitsa kachewere pamsika wa Tsangano. Alamu ndikunenawa ndi a Avelino, amuna awo a akulu anga a Alzira. Kwawo ndi ku Furancungo, koma amakhala ku Tete, kumene amagwira ntchito muofesi ya kampani ina ya malori. Munthu wake ndi uja mawu oti ayi adamukanika. Wodwala wa m'mudzi mwathu akatumizidwa kuchipatala chachikulu, kofikira ndi kwa a Avelino. Mwana wa uje akakhoza mayeso, kokhala ndi kwa a Avelino. Galimoto yawo ikamabwera kumudzi imachita kukwawa ndi katundu, ikamabwerera imakwawanso, ndipo mukafufuza mupeza kuti pa katundu yenseyo wawo ndi kachikwama kamodzi.

Zaka ziwiri zapitazo adagwa kuntchito, tensau itakwera, nthenda ya kuthamanga magazi ija. Adotolo sadawabisire: mukapanda kuphwetsa mimbayi, ana anu adzaleredwa ndi mwamuna wina. Mawu a mwamuna winawo ndi amene adawalowa. Adagula njinga yokwerera mapiri, ya matayala onenepa ngati a mota, njinga yamoto ija, magiya osawerengeka, koma yopepuka moti ine ndidainyamula ndi dzanja limodzi. Tsono ku Tete, ndi dzuwa lakumeneko, munthu ukwera phiri liti? Amangopalasa m'mbali mwa msewu mbandakucha, akumeza utsi wa malori. Mtima wonse udali pa Kankhande, phiri la kuseri kwa mudzi wathu. Akulu anga akuti ngakhale pakudya nkhani idali ya Kankhande yemweyo.

Feriya, tchuthi cha ana asukulu cha mu Agosto, itafika, adapempha masiku khumi kuntchito. Adafika Loweruka, iwo, akulu anga ndi ana awo awiri, Vânia woyamba kubadwa ndi wotsatira wake, njinga ili padenga la galimoto, pamwamba pa matumba a mchere a eni ake. Mawa lake titaweruka kutchalitchi adandikodola.

"Alamu, tabwerani muone pulano."

Adanditsegulira mapa mutelefoni. Padali kamzere kofiira kochoka pakhomo pathu, kukwera Kankhande, kuyenda pamsana pa phirilo, n'kutsetsereka mbali inayo mpaka kumtsinje umene uli malire athu ndi Macanga, kenaka kubwerera m'njira ya ng'ombe. Adali atalemba zonse: ola lonyamukira, pomwera madzi, popumira, ndipo pa kamzere kotsetsereka paja adalembapo ndi zilembo zazikulu kuti KUTSIKA. Tsiku adasankha Lachiwiri.

"Ndiye kumtsinjeko mukatengako chiyani?" ndidafunsa.

"Palibe."

"Mukaonana ndi ndani?"

"Palibe."

"Nanga mukupitiranji?"

"Kukakwera ndi kutsika, alamu. Tsiku limodzi lokha, ndekha, osanyamula kanthu ka munthu."

Ndidaseka mpaka kugwira nthiti. Pachilamu timatero, ndipo iwo adandizolowera. Ndidati, alamu, kuno anthu okwera phiri popanda chokachita alipo awiri okha, wamisala ndi amene ali ndi mkazi kuseri kwa phirilo, ndiye musankhe nokha. Iwo adangomwetulira, koma chala chawo chidali chikusisitabe kamzere kofiira kaja.

Vuto lidali amayi. Amayi athu, a Josefina, ndi a mwambo wakale uja wochitirana manyazi ndi mkamwini. Sayang'anana, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira patchire. Kwa anzathu zimenezi zimatha mwana woyamba akabadwa, koma kwathu aliyense amadikira mnzake kuti ayambe, mpaka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zidakwana asadalankhulanepo maso ndi maso. Musaganize kuti ndi chidani, amakondana kwabasi. Kungoti uthenga wonse umadzera mwa ine. Amayi amakhala kuseri kwa nkhokwe, alamu pakhonde, ine n'kumathamanga pakati, ndipo nthawi zina ndimathirako kamchere kuti uthenga ukome.

Lolemba, alamu atapita ndi ana kumsika, amayi adaizungulira njinga ija katatu, manja ali kumbuyo.

"Kaliyala ali kuti?"

"Ilibe, amayi. Imabwera choncho."

"Belu?"

"Ilibe."

"Adawabera. Munthu wofatsa ndiye chakudya cha amalonda. Tsono ndamva kuti mawa ali ndi ulendo. Wa kuti?"

Ndidayamba ndi choona, Mulungu ndi mboni. "Akungokayenda kuphiri, amayi. Kukakwera, n'kutsika."

Amayi adakhala pansi pang'onopang'ono, nayamba kuwerenga ndi zala. Munthu wachepetsa mimba. Wagula zovala zothina, zonyezimira, adaziona okha pachingwe. Galimoto ali nayo koma akuisiya, chifukwa galimoto imadziwika ndi aliyense. Akupita yekha, m'mamawa, kuseri kwa phiri, ndipo sakutchula munthu amene akukamuona. Zala zinayi zidapindika, chachisanu adandiloza nacho.

"Felicidade, ine sindidabadwe dzulo. Pita ukaitane ankhoswe. Mwana wanga sakhala pamitala ine ndili maso."

Apa ndi pamene lilime langa lidathamanga, nzeru zikadali m'mbuyo.

"Ayi amayi, ndimangocheza ine! Akupita kukazonda amalume a Wyson. Amafuna angowatulukira mwadzidzidzi."

Amalume a Wyson ndi alongo awo a amayi. Amakhala tsidya la mtsinje womwe uja, mbali ya Macanga, panjira yopita ku Chidzolomondo, kumene galimoto sifika chikokolokereni mlatho. Mwendo wakhala ukuwavuta chaka chonse. Amayi atamva, ukali wonse udatha, ndipo adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwana wa eni ake, kusiya galimoto kuti akaone mlongo wanga ndi thukuta lake! Anga obereka ndekha ali phee. Tsono apita bwanji chimanjamanja?"

Walira mvula walira matope. Ndidadziwa pomwepo kuti matope anga ayamba.

Alamu atabwera ndidawafotokozera. Adagwira m'mutu. Ndidathamangira kwa akulu anga kuti akakonze zinthu, popeza amayi amawamvera. A Alzira adali akusenda kachewere, ndipo sadadzutse n'komwe mutu.

"Ine ayi. Ndatopa n'kuwalankhulira amuna angawo. Munthu wamkulu, imvi zayamba, osatha kunena kuti ichi sindikufuna. Asiyeni, mwina aphunzirapo."

Lachiwiri ulendo sudatheke. Kudagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe, ndipo galimoto ya alamu idakhala ikututa anthu ndi nkhuni masiku awiri. Kumaliroko mbiri ya ulendo idali itafika kale. Azibambo adalanda telefoni n'kumapatsirana, aliyense akukonza njira. Wina adati apa musadzere, pali dambwe, mungakumane ndi zilombo zikuvala. Wina adati apa mukhote, pali a Alfredo amene adakuvinirani paukwati wanu, mukawadutsa osawalonjera adzatupa mpaka kufa. Winanso adati popeza mwakhota kale, munda wanga wa fodya uli pompo, mukandionere ngati chigafa chidagwa. Alamu amangoti chabwino, chabwino. Pobwera kumaliro kamzere kofiira kaja kadali katachita nthambi ngati mtengo wa chinangwa.

Lachinayi podzuka adapeza njinga palibe. Adatuwa milomo. Adali achimwene anga a Laston, amene adaitenga kupita nayo kuchigayo, chifukwa kwathu njinga yoimikidwa pakhomo ndi ya pakhomo. Adabwera dzuwa lili paliwombo, thumba la ufa lili pamutu, njinga akuikoka ndi dzanja limodzi, akuyenda motang'adza.

"Alamu, njinga yanuyi ndi yachipongwe. Pokhalira ngati mpeni. Poika thumba palibe. Ndangogwira buleki pang'ono pokha, yandiponya m'munda mwa akatekista. Koma musadandaule, ndikukonzerani."

"Ayi alamu, musavutike..."

"Kuvutika kwa chiyani pachibale?"

Lachisanu lonse a Laston adakhalira kukonza. Adayamba apita nayo kwa wowotcherera zitsulo, amene adaigogoda, naimvetsera, n'kunena kuti chitsulo chake n'chachilendo, moto wake sungagwire. Alamu atamva adapumira m'mwamba, koma chimwemwe chawo sichidakhalitse. A Laston adadula nsungwi ndi matabwa awiri, nang'amba chubu chakale kukhala mphira, n'kumanga kaliyala woti mbuzi ingagonepo. Adawonjezera ndi belu lochotsa panjinga yawo. Alamu adathokoza. Inde, adathokoza, ine ndikumva ndi makutu angawa, maso awo ali pamene nsungwi idakanda penti.

Madzulo ake ndidawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta tcheni ndi kansanza.

"Alamu, ndaganiza nzeru. Katundu amene akupatseni amayiyo mukamusiye kwa mnzanga wina m'tsinde mwa phiri. Inu mukwere, mutsike, mubwere. Ine ndidzanena kuti amalume athokoza."

"Nanga amayi akadzakumana ndi amalume?"

"Pofika nthawi imeneyo inu muli ku Tete."

"Iyayi, alamu. Bodza limodzi landilemera kale chonchi, awiri ndiwatha?"

Loweruka kudali ukwati, galimoto idanyamula kwaya. Lamulungu, pa zolengeza za kutchalitchi, akatekista adaimirira n'kunena kuti mkamwini wa kwa a Josefina akupita tsidya la Macanga mawa, choncho aliyense amene ali ndi kauthenga akasiye kunyumba. Anthu adaomba m'manja. Alamu adali atakhala kumbuyo, ndipo ndidaona khosi lawo likulowa m'malaya. Lolemba limenelo lidali tsiku lomaliza, chifukwa Lachiwiri amayenera kubwerera ku Tete.

Kauthenga! Abale, anthu akwathu akati kauthenga muzikonza ngolo. Amayi adatulutsa ufa uja, theka la thumba la kachewere, nyemba, botolo la mankhwala opaka mwendo, ndi thadzi lawo lamawanga, lija limaikira tsiku ndi tsiku. Ena adabweretsa khasu lopanda mpini, batire ya sola, ndi nsapato za mkwati wa dzulo lake, zimene zidali zobwereka tsidya lomwelo. Pomaliza padabwera mayi wina ndi mphika waukulu wophikira thobwa.

"Uwu ndi wa apongozi anga, bambo. Ndi wopepuka, kukula kokhaku."

Ndidawatsina alamu pamkono. Ndidaona mlomo wawo ukupanga ayi, ndithu udafika pakati. Chimene chidatuluka ndi chakuti, "Ikani pompo, mayi."

Anthu atabalalika adakhala pampando, telefoni ili m'manja. Ndidasuzumira. Adali akusintha pulano. Pamene padali maola awiri okwera phiri adaikapo asanu. Pamene padalembedwa KUTSIKA adafufuta, n'kulembapo kuti kukankha, popeza ndi katundu wotere munthu sungatsetsereke utakwera. Za pobwerera sadavutike n'kuwerengera komwe, chifukwa kwa amalume mlendo sabwerako wopanda thumba la mtedza ndi mtolo wa nzimbe. Ndidasiya kuseka. Kunena zoona zidandiwawa, ndipo ndidachita manyazi, chifukwa munthuyu adangopempha tsiku limodzi, ine n'kuligulitsa.

Lolemba m'mamawa a Laston adamanga zonse. Atangosiya chiwongolero, tayala lakutsogolo lidanyamuka n'kuloza kumwamba, thadzi lidakuwa. Adachita kumangirira kachewere wina kutsogolo kuti njinga itere. Kenaka alamu adatuluka m'nyumba atavala zovala zawo zija: kapasete, chipewa cholimba chija, kumutu, malaya achikasu, ndi kabudula wothina moti amayi awiri amene adabwera kudzatsazika adatembenuka n'kuyamba kuyamikira mpanda wathu. Amayi adali kale kuseri kwa nkhokwe, atafulatira, akusankha nyemba m'lichero. Ndidawaponyera alamu chitenje, adadzikulunga.

Adagwira chiwongolero nayesa kukankha. Njinga idasuntha mapazi atatu, mitsempha ya m'khosi mwawo idatuluka. Pamenepo akulu anga adalankhula, osakweza mawu.

"Abambo a Vânia, mukakankha zimenezi pa Kankhande ndi tensau yanuyo, akakutsitsani pamachira. Ine sindikuletsani. Ndangonena."

"Alamu," ndidanong'ona, "ndipite ndikawauze amayi kuti mwadzuka ndi malungo?"

"Zikomo, alamu, koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Lero ndilankhula ndekha."

Okha? Ndi amayi? Ine ndi a Laston tidayang'anana. Alamu adayenda pang'onopang'ono, koma osati kunkhokwe. Adanjuta pambali pa njinga, pamene thadzi lidamangidwa, navula kapasete, n'kuomba m'manja katatu mwaulemu wonse. Kuombera nkhuku m'manja, abale inu!

"Iwe nkhuku," adatero mokweza, "ndikutume. Ukawauze amayi kuti ine kwa amalume sindidakonze zopitako. Ndidzapita tsiku lina, ndikulonjeza, koma lero si kumene mtima wanga uli. Ukawauzenso kuti kuseri kwa phiri kulibe mkazi. Mkazi wanga ndi mmodzi, ndipo amandikwana, mwinanso kupitirira."

Akulu anga adatsokomola.

"Ukawauze kuti ine ndanyamula katundu wa anthu chiyambire ntchito. Sindikudandaula, mawa ndinyamulanso. Koma ndimapempha tsiku limodzi loti ndikwere phiri ili wopanda kanthu, nditsike, mphepo indiombe. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Akati ndi misala, ndivomera."

Thadzi lidawayang'ana ndi diso limodzi. Kuseri kwa nkhokwe nyemba zidasiya kulira m'lichero.

"Iwe nkhuku," adayankha amayi, ali chifulatire, "uwafunse kuti za Wyson adapeka ndani."

Yankho silidafunike, chifukwa a Laston ndi akulu anga adali atandiloza kale, wina ndi chala, wina ndi mlomo.

"Ndimadziwa. Ameneyo ndithana naye." Adatero amayi. "Tsono nkhuku iwe, utchere khutu, chifukwa izi ana angawa sindidawauzepo. Chaka chimene tinkathawa nkhondo, malemu abambo awo, a Hilário, adaika zonse panjinga: mphika, mphasa, mbewu, ndi Alzira pamwamba. Adaikankha mpaka ku Ntcheu. Zaka zisanu ndi ziwiri ku Malawi adaikankha, lero nkhuni, mawa chimanga, mkuja makala a eni. Pobwerera adaikankhanso, malata ali pamwamba, Laston pamwamba pa malata. Njinga imeneyo ine ndidali ndisadaionepo itakwera munthu. Titafika kuno tidapeza mudzi uli tchire lokhalokha. Adatsitsa katundu, tidagona pansi pa mtengo. Mawa lake m'mamawa ndidangoona munthu uyo akukwera Kankhande ndi njinga yopanda kanthu, osatsazika. Patapita nthawi tidamva kukuwa. Tidathawira m'tchire, timayesa nkhondo yabwerera. Adali iwo, akutsika mbali ya kuno, miyendo ili m'mwamba, akukuwa ngati mwana. Adakathera m'dambo umo. Dzino lija lakutsogolo lidatsala momwemo."

"Dzino lija?" adakuwa a Laston, kuiwala kuti uthenga ndi wa nkhuku. "Si paja ankati adawagulula ndi asilikali ndi thendere la mfuti?"

"Asilikali ake ati? Ndi Kankhande ameneyo."

Tidaseka, ine mpaka misozi, chifukwa nkhani ya dzinolo tidakula nayo, ndipo a Laston adaifotokozapo kusukulu pa tsiku lokumbukira ngwazi, aphunzitsi n'kuwaombetsera m'manja. Koma amayi sadaseke.

"Adabwera magazi ali kukamwa, akuseka. Chikwatiraneni ndidali ndisadawamvepo akuseka choncho. Ine ndidawalalatira pamaso pa anthu. Ndidati denga tilibe, ana alibe chakudya, inu mukusewera ngati wamisala. Adangoti pepani, naimika njinga. Sadabwerezenso. Adakalamba akukankha fodya kupita naye kumsika mpaka tsiku lawo, ndipo kuseka kuja sindidakumvenso. Zimandiwawa mpaka lero."

Lichero lidaikidwa pansi. Amayi adadzuka, nabwera chammbali ngati nkhanu, nkhope ataloza kumpanda. Alamu adalumphira pakhonde atagwira chitenje ndi manja awiri. Amayi adayamba kumasula mphira ndi manja awo, mfundo imodziimodzi. Mphika udatsika, kachewere adatsika, thadzi adalipatsira ine.

"Laston, chotsa zinsungwizi."

"Amayi, kaliyala ameneyu ndavutika naye tsiku lathunthu."

"Chotsa, ndi belu lako lomwe. Ukatha ukabwereke mota, chifukwa katundu anthu apereka kale sabwerera. Felicidade, ulendo wa kwa amalume ako udaupeka ndiwe, uupita ndiwe. Nkhukuyo uifukate bwino, yagwira ntchito kuposa iwe."

Alamu adaombanso m'manja, ulendo uno chakunkhokwe, ngakhale amayi adali atachokako. Adavala kapasete. Chitenje adavula atadutsa tchalitchi.

Ine ndidapita, nanga ndikadatani? Mota idadzera njira ya m'munsi yozungulira phiri, ine kumbuyo, mphika uli pamsana, thadzi pamiyendo, a Laston akugunda dzenje lililonse mwadala polira kaliyala wawo. Dzuwa litakwera, tili pafupi ndi mtsinje, tidamva kukuwa kuchokera pamwamba. A Laston adaimitsa mota. Kadontho kachikasu kadali kutsika Kankhande, fumbi lili m'mbuyo, kakukhotakhota pakati pa miyala. Mawu ake sindingathe kuwalemba, kaya kudali kulira kaya kuseka. Munthu wa muofesi, bambo wa ana awiri, wa tensau! Amayi ena amene amachapa kumtsinje adatola zovala zawo n'kuthawa. A Laston adayang'ana mpaka kadonthoko kadalowa m'mitengo, kenaka adapukuta mphuno n'kunena kuti fumbi lawalowa m'maso.

Amalume adalandira zonse, akudabwa kuti lero kwagwanji. Adatipatsa thumba la mtedza ndi mtolo wa nzimbe, monga ndidanenera. Thadzi lidatsala komweko.

Tidafika kumudzi dzuwa litapendeka, alamu asadabwere. Amayi adali kuseri kwa nkhokwe, lichero lili pamiyendo, koma nyemba zake zidali zomwe zija za m'mawa. Kamphindi kalikonse amasuzumira kunjira. Akulu anga aja amati asiyeni aphunzire adali atasesa bwalo kawiri, ndipo amafuna kuyamba kachitatu.

Adatulukira dzuwa lili pafupi kulowa, akupalasa pang'onopang'ono, thupi lonse fumbi, bondo lili magazi, chigongono chitasupuka, chitenje changa atamanganso m'chiuno. Adaimika njinga pakhonde n'kuima chiriri, osadziwa kuti uthenga woti abwerako audzeretsa kuti.

Ndidadzuka kuti ndigwire ntchito yanga. "Amayi, ndiwauze chiyani?"

"Iwe khala pansi. Pakamwa pako mpobooka."

Adayang'ana uku ndi uku kufuna nkhuku. Koma mthenga wawo adali ku Macanga, ndipo zinzake zidali zitalowa kale m'khola. Adaima kanthawi, akupotokola nsonga ya chitenje. Kenaka adatembenuka thupi lonse, nayang'ana mkamwini wawo kumaso, koyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Abambo a Vânia, mano onse alipo?"

Alamu adafuna kuyang'ana pansi, koma munthu ungaonetse bwanji mano utawerama? Adadzutsa mutu naseka, mano ali mbee pankhope yafumbi. Amayi adayandikira, nawawerenga ndi maso limodzilimodzi, kuyambira akumwamba.

"Chabwino," adatero. Adayang'ana kuphiri, kenaka kwa alamu. "Chaka chamawa mukonzenso mapa anuwo, mudzatsikire mbali ya kuno. Tsiku lonse ndatchera khutu, sindidamve kanthu."